Akati "agula ndege zonyamula katundu" amatanthauza chiyani?

Mwezi wathawu tinali ndi mwambo wovundukula chiliza cha agogo kumudzi kwathu, chakumadzulo kwa tawuni ya Kasungu. Mwa abale amene anafika panali mng'ono wanga wa kwa mayi aang'ono, amene amayendetsa ndege zonyamula katundu kunja kwa dziko lino. Anabwera ndi mnzake wa ntchito yomweyo. Titamaliza kudya, awiriwo anakokera mipando pansi pa mtengo wa mango, aliyense foni m'manja, mkangano n'kubuka. Wina akuti kampani inayake yaitanitsa ndege zisanu zatsopano. Mnzakeyo akuti ayi, zitatu ndi zobwereka, ziwirizo zikungolowa m'malo mwa zakale zimene zatopa. Mayina a ndege ankangowatchula ngati mmene ife timatchulira NPK ndi Urea.

Amalume, amene alima fodya kwa zaka zoposa 30, anamvetsera mpaka analephera kupirira. "Anyamata inu, tandiuzani chimodzi. Ndegezo zagulidwa kapena sizinagulidwe?" Mng'ono wangayo anayankha mwaulemu kuti, "Amalume, zonse ziwiri n'zoona." Amalume anangogwira pakamwa.

Sikuti mnyamatayo ankazemba funso. Mawu akuti "agula ndege" amafunditsa zinthu zingapo zosiyana kwambiri, ndipo ambirife tikamva pa wailesi kapena kuwerenga pa WhatsApp kuti kampani yakuti ikuwonjezera ndege, sitidziwa kuti akunena chiti mwa zinthuzo. Ndinacheza nawo awiriwo mpaka dzuwa kulowa. Tiyeni tizimasule chimodzichimodzi.

Mimba ya ndege ndi ndege ya katundu yekhayekha

Katundu amauluka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kunsi kwa mipando ya ndege ya anthu. Mukakhala pampando paulendo wa ku Johannesburg, pansi pa mapazi anu pamakhala chipinda chachitali momwe mumalowa masutikesi a okwera pamodzi ndi makatoni a mankhwala, masipeya a makina ndi mapaselo. A ntchitoyi amachitcha belly, kutanthauza mimba ya ndege. Njira yachiwiri ndi ndege yopanda mipando ya anthu n'komwe, imene amaitcha freighter. Mkati mwake muli ngati shedi yaitali, pansi pali timawilo tokankhirapo mitolo ikuluikulu ya katundu yokutidwa ndi maukonde.

Kusiyana kwake n'kwa buti ya basi ndi lole. Basi yochokera ku Mzuzu ikaima pa Kasungu imatenga matumba angapo a mtedza malo akakhalapo, koma imanyamuka pa nthawi ya anthu, imapita kumene anthu akupita, ndipo zikwama za okwera ndizo zimayamba kulowa. Lole imadikira katundu, n'kupita kumene mwini katundu walipirira.

Ulendo woyamba wodziwika wonyamula katundu wamalonda pa ndege unachitika ku America pa 7 Novembala 1910. Philip Parmalee ananyamula nsalu za silika kuchoka ku Dayton kupita ku Columbus. Nsaluzo sizinalemere ngakhale ngati matumba awiri a chimanga, ndipo mtunda wake, makilomita pafupifupi 105, ukungofanana ndi wochoka pa Kasungu kukafika pa Lumbadzi. Mu Febuluwale 1911 Henri Pequet anaulutsa makalata ku Allahabad, ku India, ndipo kwa zaka zambiri makalata ndiwo anali katundu weniweni wa ndege. Lero ndege ya katundu ya Boeing 777F imanyamula matani pafupifupi 100, ndiwo matumba 2,000 a makilogalamu 50, katundu woposa wa mathiraki atatu akuluakulu aja timawaona pa M1.

Pafupifupi theka la katundu wouluka pa dziko lonse amayenda m'mimba mwa ndege za anthu. Izi zinaonekera poyera mu 2020, Covid-19 itaimitsa maulendo. Ndege za anthu zitakhala pansi, malo a katundu anasowa, mitengo inakwera, ndipo makampani ena anafika pozula mipando kuti alongedzemo makatoni, monga Kenya Airways inachitira ndi Boeing 787 mu 2021. Katemera woyamba wa matendawa amene tinalandira, wokwana 360,000, anatera pa bwalo la ndege la Kamuzu mu Malichi 2021, nthawi imene malo m'ndege anali akadali ovuta.

Chifukwa chake fodya sakwera ndege

Funso lachiwiri la amalume ndi limene aliyense wa kuno angafunse. "Nanga bwanji fodya wathuyu osangomukweza pa ndege, m'malo moti azithera masabata pamsewu ndi panyanja?"

Yankho lagona pa mtengo wa kilogalamu imodzi. Bungwe la makampani a ndege la IATA limanena kuti poyeza kulemera, katundu wouluka sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a malonda a pakati pa mayiko, koma poyeza ndalama amafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndiye kuti ndege imanyamula zochepa koma zodula. M'zaka zaposachedwapa mtengo wapakati wa fodya ku okushoni wakhala ukuzungulira madola awiri kapena atatu pa kilogalamu. Kuulutsa kilogalamu imodzi kupita ku Ulaya kumatha kudya ndalama yonseyo, mwinanso kuposa. Komanso fodya wouma, soya ndi mtedza zilibe changu. Zikachedwa mwezi umodzi panjira sizitaya mtengo, choncho zimadzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban.

Chimene chimakwera ndege ndi chinthu chodula koma chopepuka monga mafoni, kapena chosachedwa kufota monga maluwa, nsomba zaziwisi ndi katemera, kapena chofunika lero lomwe monga sipeya ya makina amene aimitsa fakitale yonse. Nyama zamoyo nazonso zimauluka chifukwa sizingapirire ulendo wautali. Mu Novembala 2019 zipembere 17 zinachoka ku South Africa pa ndege kudzatera ku Lilongwe, kenaka n'kupita ku Liwonde pa malole. Koma njovu 263 zimene zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku nkhalango yathu ya Kasungu mu 2022 zinayenda pamsewu, popeza mtunda unali waufupi ndipo katundu wake ndi wolemera zedi.

Pali nthawi imodzi yotchuka imene ndege zinanyamula ngakhale malasha. Kuyambira mu Juni 1948 Soviet Union inatseka misewu, njanji ndi mitsinje yolowera kumadzulo kwa mzinda wa Berlin. America, Britain ndi anzawo anadyetsa mzindawo kudzera mumlengalenga mpaka 1949, katundu woposa matani 2 miliyoni, wambiri mwa iye malasha. Kumeneko ndalama sinali nkhani, njira ina panalibe. Koma dziko linaphunzirapo kuti ndege zikhoza kunyamula katundu wochuluka usana ndi usiku popanda kuphonya.

Palinso kawerengedwe kamene kamadabwitsa amalonda ambiri akapita koyamba kukatumiza katundu. Ndege imadzaza m'njira ziwiri, polemera kapena posowa malo. Mlimi wa thonje amazidziwa: ngolo imadzaza thonje mpaka kusefukira ng'ombe zisanamve n'komwe kulemera, pamene matumba a soya amatopetsa ng'ombe ngolo isanafike pakati. Choncho a ndege amayeza zonse ziwiri n'kulipiritsa chimene chakula. Mwachizolowezi, bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu amaliwerengera ngati makilogalamu 167, ngakhale mkati mutakhala mapilo okhaokha.

Koma mfundo imene ine ndikuiona kuti ndiyo phata la nkhani yonseyi ndi katundu wobwerera. Mwini lole aliyense wotula mabelo pa Chinkhoma amadziwa kuti akabwerera wopanda kanthu, mafuta a ulendo wobwererawo ayenera kutuluka m'thumba la amene anamutuma popita. N'chifukwa chake amazungulira kufunafuna feteleza, simenti kapena malata oti abwerere nawo. Ndege nayonso n'chimodzimodzi, kungoti mafuta ake ndi a madola ndipo amatenga gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera kampani. Ku Nairobi ndege za katundu zimatera tsiku ndi tsiku chifukwa zikatsitsa makina ndi zamagetsi, zimadzaza maluwa a ku Naivasha ndi ndiwo zamasamba kupita nazo ku Ulaya, makamaka ku Netherlands kumene kuli msika waukulu wa maluwa wa Aalsmeer. Ku Addis Ababa nako maluwa alipo. Kuno kwathu zobwera pa ndege zilipo, mankhwala, masipeya, zamagetsi, koma zambiri zimene timagulitsa kunja ndi zolemera komanso zopanda changu. Mukamva mphekesera yoti ndege ya katundu iyamba kutera kwinakwake, funso loyamba ndi lakuti: pochoka inyamula chiyani?

Makampani ake ndi a mitundu ingati, nanga anachokera kuti?

Oyendetsa ndege amakonda kukamba mbiri, ndipo poyamba ndinkaganiza kuti n'kungosangalatsa kukamwa. Ndinazindikira pambuyo pake kuti kwa iwo mbiri ya makampani ndi mbiri ya ntchito zimene zinabwera n'kutha.

Alipo makampani onyamula katundu yekhayekha kuchoka pa bwalo lina kukatula pa bwalo lina. Kholo lawo ndi Flying Tiger Line, imene inayambitsidwa mu 1945 ndi Robert Prescott ndi anzake amene anaulutsapo ndege zankhondo ku China. Nkhondo yachiwiri itatha kunali ndege zotsala zotchipa ndi anyamata odziwa kuziyendetsa koma opanda ntchito, ndiye malonda anayambira pamenepo. Mu 1970 kunabadwa Cargolux ku Luxembourg, kadziko kopanda doko ngati ife, kocheperanso kuposa boma la Mchinji. Ena amatchula chitsanzo chimenechi pofuna kuonetsa kuti dziko laling'ono likhoza kukhala likulu la katundu. Ena amayankha kuti Luxembourg yazunguliridwa ndi Germany, France ndi Belgium, kumene lole imafika pa mafakitale akuluakulu m'maola ochepa. Mfundo ziwirizi zonse n'zoona.

Mtundu wina ndi wa makampani amene amatenga phukusi pakhomo panu n'kukalitula pakhomo pa wolandira, monga DHL, UPS ndi FedEx. FedEx inayamba ntchito usiku wa pa 17 Epulo 1973 ndi tindege 14, n'kunyamula mapaselo 186 okha kupita m'mizinda 25. Nzeru ya mwini wake, Frederick Smith, inali yoti ndege zonse zizikumana malo amodzi usiku, ku Memphis, katundu asankhidwe, kenaka iliyonse ibwerere kwawo kusanache. Malo otere amawatcha hub. Ife timawadziwa kale: wochokera ku Mchinji kupita ku Salima sadikira minibasi yolunjika, amatsikira mu depoti ya Lilongwe n'kukwera ina. Mu 1989 FedEx inameza Flying Tiger Line, dzina lakale lija n'kuzimirira.

Kenaka pali makampani onyamula anthu amene alinso ndi nthambi ya katundu. Mu Africa muno wamkulu ndi Ethiopian Airlines, imene inayamba kuuluka mu 1946 ndipo ili ndi ma Boeing 777F angapo. Kampani yomweyi ili ndi magawo 49 pa 100 mu Malawi Airlines, boma lathu lili ndi 51. Malawi Airlines inayamba maulendo mu Januwale 2014, kulowa m'malo mwa Air Malawi imene inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo m'zaka za m'ma 1970 inkafika mpaka ku London ndi ndege ya VC10.

Mayina amene anyamata aja ankawatchula motsitsa mawu ndi a makampani a katundu amene ankayenda mu Africa koma anagwa: Affretair ya ku Zimbabwe, DAS Air Cargo imene inatha mu 2007, MK Airlines imene inatha mu 2010. Ambiri otere ankagwiritsa ntchito ndege zakale zomwa mafuta kwambiri, ndipo mafuta akakwera mtengo kapena katundu akachepa, analibe pothawira. Pa anzawo amene adakalipo pali Astral Aviation ya ku Nairobi.

Kufunsira, chikole ndi ukwati

Tsopano tifike pa funso la amalume lija. Kugula ndege kuli ndi masitepe, ndipo atolankhani nthawi zambiri amawalemba onse ndi mawu amodzi.

Poyamba pamakhala pepala longosonyeza chidwi, limene amalitcha MoU. Kampani ya ndege ndi wopanga ndege amasainirana kuti akambirana zogulitsana, koma aliyense akhoza kubwerera m'mbuyo. Kuli ngati mnyamata wafunsira mbeta ndipo yamulola. Nkhani imamveka m'mudzi monse, koma ankhoswe sanakumane. Kenaka pamabwera firm order, oda yotsimikizika. Apa ndalama yoyamba yaperekedwa, ndegeyo yapatsidwa malo pa mzere wa ku fakitale, ndipo wobwerera m'mbuyo amaluza. Chikole chaperekedwa, chinkhoswe chachitika. Ukwati weniweni ndi tsiku limene ndege yaperekedwa m'manja, ndipo pakati pa chinkhoswe ndi ukwatiwu pamatha kupita zaka zisanu kapena kuposa, chifukwa opanga ndege zikuluzikulu ndi awiri okha, Boeing ndi Airbus, ndipo mzere wawo ndi wautali.

Palinso chimene amachitcha option. Kampani imati tigula zisanu, koma mutisungire mwayi wogula zina zisanu pa mtengo womwewu. Nyuzi ikatuluka imati "ndege khumi", pamene zotsimikizika ndi zisanu zokha.

Chitsanzo chabwino chinachitika mu 2022. Mu Malichi, Ethiopian Airlines inasainira MoU ya ndege zisanu za Boeing 777-8F, mtundu umene unali usanapangidwe n'komwe. Mu Meyi kunalengezedwa oda ya ma 777F asanu, mtundu umene unali kale pamsika. Nkhani ziwiri, nambala yofanana, mayina ongosiyana pang'ono, koma kulemera kwake kosiyana. Munthu wongomva za m'maluwa akhoza kuziphatikiza kapena kuziyesa nkhani imodzi. Zilengezo zotere zimachuluka pa zionetsero za ndege za ku Paris, Farnborough ndi Dubai, ndipo mphekesera nazo zimasefukira m'masabata oyandikira zionetserozo.

Ngakhale ndege itafika, sikuti kampani yakula. Mlimi akagula ng'ombe ziwiri n'kugulitsa ziwiri zokalamba, khola silinakule. Mkangano wa pansi pa mango uja unali pamenepa. Amalume atamva zonsezi anati, "Ndiye n'zimene ankanena akuluakulu zija, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo."

Ndege zobwereka

Pafupifupi theka la ndege zamalonda pa dziko lapansi si za makampani amene mayina awo alembedwa pa ndegezo. Ndi za lendi. Eni ake ndi makampani obwereketsa, ambiri mwa iwo ali ku Ireland, wamkulu kwambiri ndi AerCap.

Kubwereka kuli pawiri. Dry lease ndi kubwereka ngolo yokha: ng'ombe ndi zanu, woyendetsa ndi wanu, tayala likaphulika n'zanu, ndipo mgwirizano umakhala wa zaka zingapo. Wet lease ndi kuchita hayala ngolo, ng'ombe ndi mnyamata woyendetsa. Mwini ndege amabweretsa ndege, oyendetsa, amakanika ndi inshulansi, inu mumalipira pa ola lililonse louluka, kuwonjezera mafuta ndi katundu woti anyamule. Atlas Air ya ku America inatchuka ndi malonda amenewa.

Kwa woyendetsa ndege kusiyanaku n'kwakukulu. Dry lease imabweretsa ntchito, chifukwa kampani iyenera kulemba ndi kuphunzitsa anthu ake. Wet lease imabwera ndi anthu ake kale. Ndegeyo mukhoza kuiona pabwalo itapakidwa utoto wa kampani yakwanu, koma m'chipinda choyendetsera muli alendo.

Ndege zakale zosandulizidwa

Ndege zambiri za katundu, makamaka zing'onozing'ono ndi zapakatikati, sizinabadwe choncho. Zinayamba ndi kunyamula anthu kwa zaka 15 kapena 20, kenaka zinalowa m'galaja. Amazula mipando, amatseka mawindo, amalimbitsa pansi, amadula chitseko chachikulu m'mbali, ndipo kuseri kwa oyendetsa amaika chotchinga cholimba kuti katundu asawagwere ndege ikaima mwadzidzidzi. Ntchitoyi imatenga miyezi ingapo. Tonse tinaonapo minibasi yotopa itachotsedwa mipando n'kuyamba kunyamula makireti kapena matumba, kungoti kwa ndege chilichonse chosinthidwa chiyenera kuvomerezedwa ndi oyang'anira za chitetezo. Boeing 737-800 yosandulizidwa motere imanyamula matani opitirira pang'ono 20. Ku Addis Ababa ntchito yosanduliza ma Boeing 767 inayamba Ethiopian itagwirizana ndi Israel Aerospace Industries mu 2021.

Chifukwa chake n'chosavuta. Ndege yatsopano ndi yodula koma yosamwa mafuta, imafunika kuuluka maola ambiri tsiku lililonse kuti ibweze ngongole. Yakale ndi yotchipa kugula koma yomwa mafuta, imayenera ntchito ya maola ochepa usiku, masana itakhala pansi.

Masiku ano mphekesera zachuluka chifukwa mibadwo ya ndege ikusinthana. Boeing 747, ija ya linunda pamutu imene mtundu wake wa katundu umatsegula mphuno yonse, inasiya kupangidwa. Yomaliza inaperekedwa kwa Atlas Air mu Januwale 2023. Bungwe loona za ndege pa dziko lonse la ICAO linakhazikitsa malire a utsi amene akukhudza ndege zopangidwa kuyambira 2028, ndipo ma 767F ndi 777F akukhudzidwa. Mu Okutobala 2024 Boeing inalengeza kuti isiya kupanga 767 ya katundu mu 2027. Zolowa m'malo, Airbus A350F ndi Boeing 777-8F, zonse zachedwa kusiyana ndi mmene analonjezera poyamba. Kampani iliyonse tsopano ikuyenera kusankha: kudikira zatsopano, kugula zomalizira za mtundu wakale, kapena kusanduliza.

Chimene chimawasowetsa tulo oyendetsa ndege

Laisensi ya galimoto imakulolani kuyendetsa Toyota lero, Nissan mawa. Kwa ndege zikuluzikulu si choncho. Mtundu uliwonse uli ndi chilolezo chake, type rating, chimene munthu amachipeza ataphunzira masabata angapo m'kalasi ndi m'makina oyeserera otchedwa simulator, ndipo ndi chodula. Kampani ikasintha kuchoka ku Boeing kupita ku Airbus, ngakhale woyendetsa amene wagwira ntchito zaka 20 amabwerera m'kalasi.

Chachiwiri ndi mzere. M'makampani ambiri kukwezedwa kuchoka pa mpando wa kumanja, wa wothandizira, kupita pa mpando wa kumanzere, wa kaputeni, kumatsatira tsiku limene munthu analembedwa ntchito. Kuli ngati pa chigayo, wobwera m'mawa ndiye amayamba kugaitsa. Mzere umasuntha wina akapuma ntchito, ndipo pa maulendo a pakati pa mayiko malire ndi zaka 65, kapena ndege zikawonjezeka. Ndege imodzi yoyenda maulendo aatali imafuna magulu angapo a oyendetsa osinthana, choncho ndege zisanu zoonjezera zikhoza kufupikitsa kudikira kwa munthu ndi zaka. Ukasamukira ku kampani ina, nthawi zambiri umakayambira kumapeto kwa mzere. Mng'ono wangayo anandiuza kuti, "Achimwene, mphekesera ya ndege zatsopanoyi ikakhala yoona, nyumba ya amayi ndiimaliza msanga. Ikakhala yabodza ndipo ndakana ntchito kwina chifukwa cha iyo, ndaluza pawiri." Apa ndinamvetsa chifukwa chake foni sinkachoka m'manja mwake ngakhale pa mwambo wa agogo.

Pofuna kusiyanitsa zoona ndi za m'maluwa, iwo samvera zolankhula za mabwana zokha. Amayang'ana ngati kampani yayamba kulengeza ntchito za oyendetsa ndi amakanika a mtundu umenewo, ngati yasungitsa malo ku simulator, ngati pali ndege yodziwika nambala yake imene yalowa m'galaja kukapakidwa utoto. Ndege iliyonse ili ndi nambala yolembetsera yoyamba ndi zilembo za dziko lake, ya Malawi ndi 7Q, ya Ethiopia ndi ET, ndipo pa tsamba la pa intaneti la Flightradar24 munthu aliyense akhoza kuona kumene ndege yakuti ili.

Ntchito yawo ili ndi zoopsa zakezake. Yambiri imagwiridwa usiku, thupi likufuna tulo. Katundu naye akhoza kupha. Pa 3 Seputembala 2010 Boeing 747 ya katundu inagwa ku Dubai moto utabuka m'katundu momwe munali mabatire a lithium, ngati a m'mafoni athuwa, oyendetsa onse awiri n'kumwalira. Pa 29 Epulo 2013 ku Bagram, ku Afghanistan, galimoto yankhondo yolemera inaduka zingwe ndege ikunyamuka n'kutsetserekera kumbuyo, anthu asanu ndi awiri anafa. N'chifukwa chake kampani ikamakula mofulumira, oyendetsa amafunsanso ngati opakira katundu ndi amakanika akuphunzitsidwa mofanana ndi liwirolo.

Zimene sizinayankhidwebe

Kasungu ali ndi kagawo kake m'mbiri imeneyi. Mu Juni 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera madroni pa bwalo lathu la ndege, kufika makilomita 40 mbali zonse, oyamba a mtundu wake mu Africa pa ntchito zothandiza anthu. Droni imanyamula makilogalamu ochepa chabe, magazi okayezetsa kapena mankhwala, koma mfundo yake ndi yomwe ija ya silika wa mu 1910: chopepuka, chofunika msanga, pamene msewu ukuchedwetsa. Kodi ntchito yotere idzatha kudziimira payokha popanda thandizo la mabungwe akunja? Akatswiri sanagwirizanebe.

Funso lina ndi la pakhomo pathu pano, lofanana ndi lija loti chinayamba n'chiti, dzira kapena nkhuku. Ena amati ndege ya katundu yodalirika ikayamba kubwera sabata iliyonse, alimi a Mchinji ndi Kasungu adzalimba mtima kulima maluwa, tsabola ndi ndiwo zamasamba zogulitsa kunja. Ena amati palibe kampani ingatumize ndege kudzadikira mbewu zimene sizinadzalidwe, ndipo choyamba ndi ulimi wothirira, zipinda zozizira, magetsi osazimazima ndi ziphaso za ukhondo zimene misika ya ku Ulaya imafuna. Ndani ayambe, ndipo ndani alipire zaka zoyambazo ndege ikamachoka yosadzaza?

Palinso nkhani ya zilolezo. Kuyambira pa msonkhano wa ku Chicago wa 1944, dziko lililonse ndi mwini thambo lake, ndipo ndege ya dziko lina siingangotola katundu pano kupita naye dziko lachitatu popanda chilolezo. Mayiko a mu Africa anagwirizana ku Yamoussoukro mu 1999 kuti amasule malamulowa, ndipo mu 2018 anakhazikitsa msika umodzi wa maulendo a ndege, koma kukwaniritsa kwake kukuyenda pang'onopang'ono. Kumasula kungathandize ndege kudzaza potola katundu m'mabwalo angapo, koma kungathenso kufinya makampani aang'ono a m'dziko. Boma lililonse likuyezabe mbali ziwirizi.

Ndalama zakunja nazo ndi funso. Lendi ya ndege, masipeya, inshulansi ndi mafuta zimalipiridwa m'madola, pamene wotumiza katundu wa kuno ali ndi makwacha, amene anatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kodi kwa dziko ngati lathu chanzeru n'kukhala ndi ndege yathuyathu ya katundu, kuchita hayala pa nyengo imene katundu wachuluka, kapena kungogula malo m'ndege za ena?

Ndipo pa dziko lonse, katundu wa m'masitolo a pa intaneti amene wadzaza ndege zochokera ku China m'zaka zapitazi adzapitirira kuchuluka, kapena misonkho yatsopano ya mayiko olandira idzamuchepetsa? Ndege zatsopano zija zikachedwabe, zakalezi zidzapirira zaka zingati? Makampani amene akusaina mapepala lero akubetcha pa mayankho a mafunso amenewa, ndipo ndege zimene akuitanitsazo zidzafika mayankhowo atadziwika kale.